JEKE AKUONONGA MAGALIMOTO ANG'ONO KU MAMBWE

Magalimoto ang'ono acuruka m'boma la Mambwe kuyambira pamene msewu wa Chipata kupita ku Mfuwe unathiridwa tara. Ambiri ndi a mtundu wa Toyota, monga Corolla, Spacio ndi Vitz, ogulidwa atayenda kale ku Japan. Ndiwo anyamula odwala kupita nao ku cipatala ca Kamoto ndiponso alimi opita ku tauni. Koma ambiri a iwo akuonongeka kunsi, osati kaamba ka maenje a mumsewu okha iai, koma kaamba ka jeke woikidwa pamalo olakwika.

Amakanika ndi anyamata omata matayala a m'cigwa ca Luangwa anaphunzirira nchito yao pa Land Rover, Land Cruiser ndi malole, magalimoto amene ayenda m'nkhalango ya South Luangwa kuyambira isanakhale paki m'caka ca 1972. Magalimoto otere ali ndi zitsulo ziwiri zazikuru kunsi zimene thupi lonse likhalapo, kotero kuti jeke sasowa pogwira. Corolla iribe zitsulo zimenezi. Thupi lace ndilo mphamvu yace, ndipo linapangidwa ndi malata opyapyala oocherera pamodzi. Kunsi kwa zitseko, kucokera ku wilo lakutsogolo kufikira lakumbuyo, kuli msoko woimirira ngati mpeni pamene malatawo akumana. Anaulimbitsa pamalo anai okha, awiri mbali iriyonse pafupi ndi mawilo, ndipo pali timipata tiwiri tosonyeza poika jeke. Ngakhale buku la galimoto likhale la m'Cijapani, monga alili ambiri, cithunzi cace cisonyeza malowa poyera.

Jeke wamng'ono amene abwera ndi galimoto ali ndi mpata pamutu pace woti msoko ulowemo. Jeke wamkuru wa mawilo, amene omata matayala amukonda cifukwa anyamula msanga, mutu wace uli ngati kambale ka citsulo. Galimoto yolemera koposa tani imodzi ikatsamira pa kambale kameneka, msoko upindika kapena kuphwanyika.

Pali cinthu cina cimene ambiri sacizindikira. Jeke wa mawilo anapangidwira pa simenti, pakuti pamene dzanja lace likwera, iye ayenera kusendera pang'ono kulowa kunsi kwa galimoto. Pamcenga kapena pamatope mawilo ace atitimira, sasendera ai, ndipo m'malo mwace mutu wace ukoka msoko kuupindira kunja. Nthawi zina galimoto iterereka ndi kugwa. Malo ambiri omatirapo matayala m'mbali mwa msewu ali pa dothi, pansi pa mtengo.

Msoko ukapindika, utoto usweka. Mvula ikayamba mu Novembala, dothi lakuda la m'cigwa limatirira m'ming'alu ndi kusunga cinyezi kufikira Epulo, ndipo litseka timabowo totulutsira madzi. Dzimbiri lidya m'kati mwini galimoto osadziwa kanthu. Tsiku lina tayala lidzaphwa pa njira ya kwa Msoro kapena ya kwa Malama, dzuwa litalowa, m'dziko la njobvu, ndipo jeke wace adzasowa pogwira kapena kuboola lata lowolalo. Wogula wocenjera nayenso agwada ndi kusuzumira kunsi asanachule mtengo.

Mankhwala ace safuna ndalama. Kacidutswa ka mtengo wolimba, monga mupani kapena mlombwa, kokula ngati cikhato ca dzanja, kacekedwe mpata pakati woti msoko ulowemo bwino. Mpatawo udutse mopingasa mitsempha ya thabwa, pakuti wotsata mitsempha ung'amba thabwa pakati galimoto iri m'mwamba. Mphira wocindikala wa tayala lakale la lole agwira nchito yomweyo. Pansi pa jeke paikidwe thabwa lalitali ndi lathyathyathya, mawilo otsala atsekerezedwe ndi miyala, ndipo munthu asalowe kunsi kwa galimoto yokhala pa jeke yekha. Njerwa zosanjikiza si cocirikizira, pakuti ziphwanyika mosacenjeza.

Ena anena kuti zimenezi zicedwetsa nchito pamene okwera akudandaula ndi kutentha kwa mu Okutobala. Kufunafuna timipata tija ndi kuika kathabwa sikutha ndi mphindi imodzi yomwe.

Mlandu waukuru uli pa eni magalimoto ndi madalaivala, amene tayala likaphwa athawira pamthunzi ndi kusiya mnyamata wongoyamba kumene nchito akankhe jeke pamene pamkomera. Ayenera kuimirira pomwepo, kuloza malo ace, ndi kukhala ndi kathabwa kao m'galimoto pamodzi ndi sipanala. Eni malo omatirapo matayala ku Jumbe, Masumba ndi Mfuwe apacike kathabwa kotere pa dzanja la jeke aliyense, ndipo aphunzitse anyamata ao kusiyana kwa Land Cruiser ndi Corolla asanawapatse jeke m'manja.