Zilonda Zimene Palibe Anaziona

Kuchokera ku Chipata mpaka ku Tete, munthu akangodandaula kuti m'mimba mukuotcha, mlandu umagamulidwa asanamalize n'komwe kufotokoza: ndi zilonda za m'mimba. Amamuletsa tsabola ndi zakumwa za gasi, n'kumupatsa omeprazole. Akabweranso patapita miyezi itatu, ataonda mpaka kuboolanso lamba, amamupatsa omeprazole yemweyo. Chilondacho palibe amene wachiona. Dzina lokha ndi limene likuchiritsidwa.

Pakati pa odwala amenewa pali ochepa amene ali ndi khansa yotchedwa lymphoma ya m'chifu. Mtundu wake wofatsa, MALT lymphoma, anaufotokoza koyamba Peter Isaacson ndi Dennis Wright mu 1983. Umayamba pamene bakiteriya wa Helicobacter pylori wakhala m'chifu zaka zambiri, maselo oteteza thupi n'kumasonkhana pamenepo kuti alimbane naye, mpaka ena mwa maselowo atayamba kuswana mosalekeza. Mu 1993 madokotala a ku London ndi ku Italy analengeza chodabwitsa: mwa odwala 6 amene anangopatsidwa mankhwala opha bakiteriyayo, mwa 5 khansa inazimiririka. Lero n'zodziwika kuti matendawa akapezeka asanachoke m'chifu, odwala oposa theka amachira ndi mapiritsi a masabata awiri. Khansa yogonja ndi mapiritsi! Koma imagonja ikapezeka.

Kuipeza kulibe chidule. Pamafunika kulowetsa kamera kudzera kukhosi, ndipo ngakhale kamerayo imanamizidwa, chifukwa lymphoma imaoneka ngati kutupa wamba kapena chilonda. Dokotala ayenera kutapa tinyama tambiri, pamalo odwala ndi pamalo ooneka abwino, kuti katswiri wa mu labotale akatiunike ndi mankhwala ozindikiritsa mtundu wa maselo. Apa ndi pamene omeprazole womwedwa mwachizolowezi amalakwira wodwala kawiri: amaziziritsa ululu umene ukanamuthamangitsira kuchipatala chachikulu, komanso amabisa bakiteriya poyeza. N'chifukwa chake wodwala amauzidwa kusiya mankhwalawa masabata awiri asanayezedwe. Wogulitsa mankhwala pagolosale sanena zimenezi, ndipo mwina sazidziwa.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo si yopepuka. Amati matendawa ndi osowa, makamera ndi owerengeka, akatswiri ounika tinyama ndi ochepa kwambiri, ndiye kutumiza aliyense wa chilungulira ku Lilongwe kapena ku Lusaka n'kupanikiza zipatala pachabe. Zoona. Koma palibe akupempha zimenezo. Amene ayenera kutumizidwa amadziwika: woonda popanda chifukwa, wosanza magazi, wochita chimbudzi chakuda ngati phula, wochepa magazi, wokhuta atangodya mbamu ziwiri, ndi amene wamaliza mankhwala koma ululu osasintha. Kubweza munthu wotere ndi mapiritsi omwewo kachitatu sikungabisale kumbuyo kwa umphawi wa dziko. Kalata yotumizira wodwala siidya ndalama za boma.

Nthawi yotayikayo matenda amaigwiritsa ntchito. MALT lymphoma imatha kukhala m'chifu zaka, kenako n'kufika m'timisempha ta mwanabele tozungulira chifu, m'matumbo, m'mapapo, m'zotulutsa malovu, ngakhale m'mafuta a m'mafupa. Nthawi zina imasanduka mtundu waukali, diffuse large B-cell lymphoma, umene umakula m'masabata osati m'zaka, ndipo umavutitsa kwambiri anthu amene ali ndi HIV. Pamenepo dokotala sangakhulupirire kamera yokha. Amafuna CT scan ya pachifuwa ndi pamimba kuti adziwe pamene matenda afika. Wodwala amene akanabwerera kumudzi ndi kapaketi ka mapiritsi tsopano akufunika chemotherapy ya R-CHOP, kamodzi pa masabata atatu alionse, kawirikawiri maulendo 6, ndipo ulendo uliwonse banja ligulitsa mbuzi kuti lipeze thiransipoti. M'buku lake la kuchipatala, tsamba ndi tsamba, muli mawu amodzimodzi olembedwa ndi manja osiyanasiyana.