ZA KUGULA GALIMOTO YAKALE YA LIWIRO



Tsiku la Mulungu lapitali, titaturuka m'tchalitchi, bambo wina wa mpingo wathu anandiitanira pambali, nandionetsa kalata ya mwana wache amene agwira nchito ku England. Mnyamatayo wasunga ndarama zaka zisanu, ndipo tsopano afuna kuzithira zonse pa galimoto yakale ya liwiro, dzina lache Jaguar E-Type, kuti aikonze ndi kuigulitsanso. Bamboyo anati, "Aphunzitsi, ndimyankhe chiani?" Popeza ambiri a inu muli ndi ana kutali, ndiyankha pano kuti tonse timve.

Mwanayo sanapenge ai. Magalimoto ena akale aposa atsopano pa mtengo. A mtundu wa Ferrari 250 GTO anapangidwa 36 okha, kuyambira 1962 kufikira 1964, ndipo m'chaka cha 2018 imodzi inagulidwa ku Monterey ndi madola oposa 48 miliyoni. Koma pamene pagona nyama, pomwepo ntchentche zisonkhana. Onyenga achuruka pa malonda awa.

Jaguar E-Type inaonetsedwa koyamba ku Geneva m'mwezi wa March 1961, ndipo inapangidwa ku Coventry kufikira 1974, yonse pamodzi yoposa 70,000. Ogula salipira utoto wonyezimira. Alipira chifukwa galimotoyo iri yomweyo imene inaturuka m'nyumba ya amisiri, ndi injini yache yomwe. Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono mboni zoona ndizo manambala.

Kuyambira 1981 magalimoto ogulitsidwa ku America akhala ndi nambala ya zilembo 17, yochedwa VIN, imene iribe I, O kapena Q, kuti zisasokonezeke ndi 1 ndi 0; ndipo maiko ambiri atsata njira yomweyo. Koma kale mmisiri ali yense anali ndi mawerengedwe ache. E-Type iri ndi kachitsulo kolembedwapo manambala a chimango, a thupi, a injini ndi a giyabokosi. Kachitsuloko nkokhomera chabe, ndipo munthu angathe kusula kena nakakhomapo. Chifukwa chache wogula ayang'ane manambala odindidwa m'chitsulo chenicheni, pa chimango kutsogolo ndi pa injini, aone ngati agwirizana ndi a pa kachitsulo. Akapeza kuti pamalopo papalidwa, kapena pawotcheredwa, kapena zilembo ziri zokhota ndi zosalingana, aime pomwepo.

Manambalawo alankhula kwa wodziwa kuwamva. Pa magalimoto oyamba opanda denga lolimba, a chiongolero cha ku dzanja lamanja anayambira pa 850001, ndipo a kumanzere pa 875001. Ambiri a kumanzere anapita ku America, ena nabwezedwa ku England ndi kusinthidwa chiongolero. Kusinthako si tchimo, koma kubisa ndiko tchimo, pakuti mtengo usiyana. Momwemonso injini yoyamba, ya malita 3.8, nambala yache iyamba ndi R. Ya malita 4.2, imene inadza mu 1964, iyamba ndi 7E. Tsono wina akanena kuti galimoto yache nja 1962, yosasinthidwa kanthu, koma injini iri ya 7E, chitsulo chomwe chamtsutsa.

Inu mudziwa kuti mlendo akadza kufuna ukwati pa mishoni pano, sitikhulupirira pakamwa pokha. Tilembera kumene anabatizidwa, kuti aone m'buku la ubatizo. Magalimoto awa ali nalo buku lotere. Bungwe la Jaguar Daimler Heritage Trust, ku Gaydon, lisunga mabuku akale a amisiri, ndipo lipereka kalata yonena tsiku limene galimoto inapangidwa, utoto wache ndi manambala ache. Koma kalatayo inena za galimoto imene inaturuka tsiku lija. Siitsimikiza kuti iri pamaso panuyi ndi yomweyo. Kufananitsa ndi nchito ya maso a wogula, kapena a mmisiri wodziwa amene wamlipira iye mwini, osati bwenzi la wogulitsa.

Chotsala ndicho chachikuru: kodi wogulitsayo ndiye mwini? Ku Britain galimoto iri ndi kalata yochedwa V5C, yochokera ku ofesi ya DVLA ku Swansea. Kalatayo itchula wosunga galimoto, ndipo siumboni wakuti iye ndiye mwini wache. Tsono wogula afike pa nyumba yolembedwa m'kalatamo, osakumana pa mseu; afunse makalata a ogula akale; alipire kandarama kwa iwo amene afufuza ngati galimoto inabedwa, kapena iri ndi ngongole, kapena inaphwanyika pa ngozi; ndipo polipira alembane kalata ya maina onse awiri ndi manambala onse. Wogulitsa akamfulumiza, kunena kuti wina akudza ndi ndarama madzulo ano, amleke. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Galimoto ikapezeka yakuba, apolisi aitenga, ndipo thukuta la zaka zisanu lapita. Koma kwa Mkristu pali choposa apo. Lamulo lachisanu ndi chiwiri silitsutsa wakuba yekha. Litsutsanso iye amene agula chinthu mtima uli kumuuza kuti nchakuba, natseka maso chifukwa mtengo watsika. Ndipo Eklezia atiphunzitsa kuti cha mwini chiyenera kubwezedwa.

Musanene kuti izi nza ku England kokha. Anyamata athu agula njinga zamoto za kabaza masiku onse, ena atagulitsa ng'ombe ya banja. Nazonso ziri ndi nambala pa chimango ndi pa injini. Aziwerenge, azifananitse ndi makalata, afunse kwa apolisi ndi ku ofesi ya za pamseu ndarama zisanachoke m'manja. Safunsa anadya phula.

Bambo uja ndinamuuza alembe kuti: usaope kugula, mwana wanga, koma usalipire kufikira chitsulo, makalata ndi wogulitsa anena mau amodzi. Yosefe Woyera, mmisiri wolungama, asunge ana athu ali kutali.

Ndine wanu mwa Ambuye,
Mphunzitsi wa Katekisimu