Tiyende kuti tikaphunzire, osati kungojambulitsa



Abale athu akabwera ku ulendo amatibweretsera nsalu, mafuta onunkhira ndi zithunzi za pa foni. Si zolakwika. Koma ife tikuona kuti Msilamu ayenera kubwerako ndi phunziro, pakuti Qur'an yolemekezeka imatilimbikitsa kuyenda ndi kulingalira zimene zinachitikira anthu akale.

Ibn Battuta anachoka kwawo ku Tangier mu 1325 kupita ku Haji. Mu 1331 anafika ku Kilwa Kisiwani, chilumba cha kugombe la dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo anachita chidwi ndi kukongola kwa mzindawo. Lero mlendo amangopeza mabwinja a mzikiti waukulu ndi a nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa. Mzinda umene unalemera ndi golide wodzera ku Sofala watsala zipupa zokha. Mwana woima m'bwinjalo amadzionera yekha kuti chuma chimatha.

Ku Fez, m'dziko la Morocco, kuli mzikiti wa Al-Qarawiyyin. Mbiri imati unakhazikitsidwa mu 859 ndi mayi, Fatima al-Fihri, ndipo mpaka pano anthu amaphunzirako. Atsikana athu, mwamva?

Malo ena amatichititsa manyazi, ndipo nawonso tiyenera kuwaona. M'zaka za m'ma 1800, amalonda ochokera kunyanja yathu ankafika ku Kilwa Kivinje ndi minyanga ya njovu komanso akapolo. Njira zomwezo ndi zimene Chisilamu chinadzera pofika kwa makolo athu. Tikabisa zimenezi, ana adzazimva kwa ena ndipo adzasiya kutikhulupirira.

Tikudziwa kuti makolo ena anena kuti fizi yokha ikuvuta, nanji ulendo? N'zoona. N'chifukwa chake sitikupempha tikiti ya ndege. Tiyambire pafupi, ku Nkhotakota, kumene a Jumbe anakhazikitsa malonda awo. Ophunzira a Fomu 3 akaswali m'mzikiti wa kumeneko, akafunse akuluakulu, pobwera alembe zimene aona ndi kumva.

Tikupempha komiti kuti ikambirane zotsegula thumba la ulendowu, ndipo kholo lililonse liziikapo kangachepe temu iliyonse, kuti mwana wa mphawi asatsale. Amene waphunzira kufunsa mafunso ku Nkhotakota, Insha Allah, akadzafika ku Fez sadzangojambulitsa.