Za Ng'ombe Zosaoneka ndi Maso

Mwezi uno tikambe za chuma chimene makolo athu sanachidziwe. Kale munthu akamwalira, abale ankawerenga ng'ombe m'khola ndi chimanga m'nkhokwe, nkhani nkutha. Koma makono aphunzitsi ena ndi alimi a fodya amasiyanso chuma cha pa pepala, ndicho masheya. Sheya ndiko kagawo ka kampani, monga Illovo, National Bank kapena TNM, kogulidwa pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, umene unayamba malonda m'chaka cha 1996. Ng'ombe yotere silira, komatu imabala.

Kuno ku Chiwamba tinaona mai wina wamasiye amene, posesa m'nyumba atatha maliro, anasonkhera moto mapepala a mwamuna wache, poyesa kuti nzinyalala. Ng'ombe inatsala, koma chingwe chache chinapsa. Ndipo maiyo anabvutika nthawi yaitali asanalandire kanthu, ana akusowa zobvala.

Chifukwa chache tikupemphani, inu amai ndi abambo oferedwa, musataye pepala liri lonse. Sungani pamodzi zikalata za masheya, makalata a banki, nambala ya msonkho ya malemuyo yochedwa TPIN, ndi timapepala tobwera ndi phindu. Pakuti msonkho wa phindulo kampani imadula isanakulipireni, niupereka ku MRA. Kapepalako ndiko mboni yanu kuti za boma zinaperekedwa kale.

Tsono tengani chiphaso cha imfa, mupite kwa Bwana DC ku Lilongwe, akulangizeni njira yopezera kalata ya bwalo la milandu yokulolani kuyendetsa chuma cha masiye. Popanda kalatayo dzina la pa masheya silisinthika, ngakhale mfumu ndi mudzi wonse akuchitireni umboni. Ndipo musafulumire kugulitsa musanafunse za mtengo ndi za msonkho wache. Safunsa anadya phula.

Kwa inu atsibweni ndi alamu tinena poyera: lamulo la chuma cha masiye la 2011 liika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma chao ndi mlandu.

Inunso amene mukali awiri, musabisirane. Usiku uno, ana atagona, tsegulani bokosi lija, muonetsane mapepala, ndi kulemba wilo pamaso pa mboni ziwiri. Tsalani ndi mtendere kufikira mwezi wamawa.