ZA PA BANJA: Kodi Wailesi ya Kanema Itumikira Yani?

Nyengo ya kugulitsa nandolo ndi mpendadzuwa ikafika, m'nyumba zambiri za kuno ku Phalombe mubuka nkhani imene makolo athu sanaidziwe. Ana ati, "Atate, tigulireni kanema." Bambo ayamba kuwerenga mtengo wa sola, wa batire, wa dishi ndi wa dikoda, mai naye akumbukira feteleza ndi fizi ya sukulu. Ine sindidzakuuzani kuti gulani kapena musagule, pakuti thukuta linali lanu ndipo ndalama nzanu. Koma munthu wofuna kulemba wanchito m'nyumba mwache ayamba wafunsa kumene achokera ndi amene anamtuma, pakuti safunsa anadya phula. Chotero mwezi uno tiyeni tifunse bwino lomwe: kodi nyumba zoulutsa zithunzi izi zitumikira yani?

Tiyambe ndi mbiri, chifukwa muli phunziro. Kale, dziko lathu likali Nyasaland, mau a wailesi a m'Chinyanja anali kuchokera ku Lusaka, kumene Alick Nkhata anali kuimba ndi kulankhula. Koma oulutsa aja anaona kuti nchito yao iri kupita pachabe, popeza anthu a m'midzi analibe chomvera. Tsono mu 1949 kunafika kawailesi kotsika mtengo, kopangidwa monga sefuliya, kamene Azungu anakatcha Saucepan Special. Mtengo wache unali mapaundi 5, batire padera. Pomwepo mau aja analowa m'midzi. Amene aja anazindikira kuti kuulutsa kopanda wakumva kuli monga kufesa mbeu pa thanthwe.

Zithunzi zinadza pambuyo. Ku London anayamba kuziulutsa nthawi zonse mu 1936. Ku Salisbury, umene lero uli Harare, mu 1960. Ku Kitwe mu 1961. Ku South Africa mu 1976. Kuno kwathu MBC inayamba mu 1964, koma inali ya mau okha, ndipo zaka zonse za ulamuliro wa Dr. Banda dziko linakhala lopanda wailesi ya kanema. Pa 1 April 1999, nthawi ya a Bakili Muluzi, ndi pamene Television Malawi inatsegulidwa ku Blantyre, ndipo pambuyo pache inaphatikizidwa ndi MBC. Kenaka zinaonjezeka zina: Luntha ku Balaka, imene ansembe a Montfort anaiyambitsa, Times ku Blantyre, Zodiak ku Lilongwe, ndi zina zambiri. Maiko anapangananso kuti pofika June 2015 asiye kaulutsidwe kakale, ndipo ndicho chifukwa chache kunabwera madikoda, monga ija itchedwa Kiliye Kiliye.

Tsono nyumba zachuluka, nanga oonera? Pa kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tiri 17.5 miliyoni, ndi kuti mwa anthu 100 ali onse, 84 akhala kumudzi. Koma kanema anapezeka m'nyumba imodzi yokha, kapena kupitirira pang'ono, pa nyumba 10 ziri zonse, pamene wailesi ya mau inapezeka m'nyumba imodzi pa nyumba zitatu. Chifukwa chache sichibisika. Kanema afuna magetsi, ndipo magetsi achuluka m'tauni. Ndiponso mphepo yonyamula zithunzi iyenda molunjika, ndipo phiri likaima pakati liitchinga. Ife okhala patsinde pa Mulanje ndi Michesi tidziwa chifukwa chimene ambiri agulira dishi yoloza kumwamba. Chotero anthu ambiri a dziko lino ali kumudzi, koma makanema ambiri ali m'tauni. Sungani mau amenewa, pakuti nkhani yonse yagona pomwepa.

Pakuti kuulutsa zithunzi kudya ndalama zambiri: makamera, magalimoto, magetsi, milongoti ya pa mapiri, ndi malipiro a anchito. Inu muyesa kuti muonera ulere, koma alipo amene alipira, ndipo nkhuku zithamangira kumene kuli wakumwaza mapira. Olipira ali a mitundu inai.

Woyamba ndiye boma. Wailesi ya boma iyendera ndalama za msonkho, zimene inu ndi ine tipereka pogula sopo ndi mafuta. Chotero iyenera kukhala ya Amalawi onse, ndipo nzoona kuti ndiyo ifika kutali ndi kutiuza za katemera, za mayeso a ana ndi za ulimi. Koma oyang'anira masankho, a kuno ndi ochokera kunja, alemba kawiri kawiri kuti MBC inapatsa chipani cholamula nthawi yoposa ya zipani zina. Ndipo dandaulo limeneli linamveka ngakhale zipani zinasinthana pa mpando. Amene anali kulira ali kunja anaiwala kulira kwao atalowa m'kati.

Wachiwiri ndiye wamalonda. Nyumba za eni zipeza ndalama pakulengeza katundu wa makampani. Kodi wamalonda afuna maso a yani? Afuna maso a munthu wa malipiro a pa mwezi, amene mawa lomwe akhoza kulowa m'sitolo. Chifukwa chache muona nyumba za matailosi, zobvala za m'tauni, mabanki, ndi oitanira anyamata ku juga ya mpira. Sindinena kuti nyumba zimenezi nzoipa, iai. Zatsegula pakamwa pa anthu, zafunsa akulu mafunso amene kale munthu sakadalimba mtima kufunsa. Koma mudziwe kuti chimene zigulitsa kwa wamalonda ndi maso anu amene.

Wachitatu ndiye woonera mwini, wolipira mwezi ndi mwezi kuti aone za kunja pa dishi. Pamenepo pali mpira wa ku England, mafilimu a ku Nigeria ndi a ku India, ndi nkhani za maiko akutali. Zikoma ndithu, koma zinaphikidwira anthu ena. Ophika ache sadziwa kuti pali mudzi wotchedwa Migowi kapena Chiringa. Ndipo mwezi ukatha wosalipira, zambiri zizima, dishi nikhala pa denga monga chipande.

Wachinai ndiwo mipingo ndi zipembedzo, zimene zidalira kwambiri zopereka za okhulupirira ndi za abwenzi. Izi zitumikira amene anazituma, ndipo sizibisa. Wodwala ndi nkhalamba yosatha kuyenda apeza chitonthozo poona mapemphero ali pa mphasa. Komatu pa dishi palinso alaliki ena olonjeza chuma ndi machiritso kwa wotumiza ndalama. Amenewo muwayese ndi funso lomwelo: apindula ndani?

Tsopano tibwere kwathu kuno. Phalombe anapatulidwa ku Mulanje nakhala boma pa yekha mu 1998, ndipo pa kalembera uja tinapezeka anthu oposa 400,000. Kodi khamu lotere lioneka liti pa kanema? Kawiri kawiri lioneka pakafika mkulu wa ndale, kapena pakagwa tsoka. Mu March 1991, pamene napolo anatsika m'phiri la Michesi nakokolola midzi ndi anthu mazana, dziko linalibe wailesi ya kanema. Abale athu a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe anangomva ndi makutu ndi kuwerenga m'nyuzipepala. Mu March 2023, pamene namondwe Freddy anagwa pa chigawo cha kumwera, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, zithunzi za matope ndi miyala ya kwa Nkhulambe zinaonedwa m'dziko lonse ndi kunja komwe, ndipo ambiri anagwidwa chifundo natumiza ufa, mabulangete ndi mapulasitiki. Pa ichi tiyamike kamera, tisakhale osayamika. Koma taonaninso mbali yina. Masiku a mvula ija magetsi anazima m'madera ambiri, dzuwa silinaoneke kuti lidzaze mabatire, ndipo makanema anakhala chete. Chimene chinalankhulabe ndi kawailesi ka mabatire a tochi. Tsono kanema anationetsa ife kwa anthu akutali, koma wotichenjeza ife eni anali wailesi ya mau. Ndipo matope atauma, makamera anabwerera ku tauni, pamene nchito yeni yeni ya kumanga nyumba ndi kuchotsa mchenga m'minda inali kungoyamba.

Pali chinanso. Ambiri a ife ndife Alomwe. M'nthawi ya a Muluzi wailesi ya MBC inayamba kuwerenga nkhani m'Chilomwe, pamodzi ndi Chiyao, Chisena ndi Chitonga. Koma pa kanema chochuluka ndi Chingerezi ndi Chichewa. Tchopa ndi Chilomwe zioneka maka maka pa tsiku la chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, ndipo likapita tsikulo zisowanso. Mwana amene aona tsiku liri lonse kuti anthu olemekezeka alankhula Chingerezi ndi kukhala m'nyumba zosanja, adzayamba kuchita manyazi ndi chilankhulo cha agogo ache ndi khasu la atate wache. Palibe wamtukwana, koma waphunzira ndi maso.

Komabe oulutsa alakwa powerenga. Iwo awerenga makanema. Akadawerenga maso, akadapeza kuti kumudzi kuli khamu. M'tauni kanema mmodzi aonedwa ndi banja limodzi. Kuno aonedwa ndi mudzi. Kumbukirani January 2022, pamene Flames inasewera ndi Morocco ku Cameroon, ndipo Gabadinho Mhango anamwetsa chigoli chija ali patali: m'nyumba za vidiyo za pa misika munalibe poponda, ndipo mfuu inamveka kufikira kumadambo. Usiku umenewo wa ku Phalombe ndi wa ku Karonga anali a mtima umodzi. Icho ndicho chimene kanema akhoza kuchita akafuna.

Nanga ife tichitenji? Ndiri ndi mau asanu.

Choyamba, werengani mtengo wonse musanagule. Kanema si njinga, imene mugula kamodzi nikusenzerani katundu. Afuna batire, afuna kukonzetsa, ndipo wa dishi afuna ndalama mwezi uli wonse. Bambo ndi mai akhale pansi awiri. Nkhokwe ikadzala, mbeu ndi feteleza zikakhalapo, fizi ikalipidwa, pamenepo chotsala chikhoza kugula chisangalatso. Kugulitsa chimanga cha ana chifukwa cha mpira wa ku England ndi kuitana njala ya February ndi manja ako omwe.

Chachiwiri, pa chiri chonse muona, funsani kuti walipira ndani. Nkhani ya masankho musaimve kwa nyumba imodzi. Imvani kuno, imvani uko, ndipo muweruze nokha, monga mfumu yanzeru siigamula mlandu itamva mbali imodzi. Wokuuzani kuti mnyamata wakuti wapata mamiliyoni pa juga sakuonetsani anzache zikwi amene anataya ndalama za nandolo. Chikome kome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachitatu, kanema akalowa m'nyumba, mwini nyumba akhalebe inu. Ikani nthawi yoyatsa ndi yozimitsa. Pa nthawi ya nsima azime, kuti ana amve mau a makolo ao, ndi kuti nthano za agogo zisafe. Onerani pamodzi ndi ana, ndipo mukambirane zimene mwaona. Za nyumba za vidiyo za pa msika, makolo ndi mafumu agwirizane ndi eni ache kuti ana a sukulu asalowe nthawi ya maphunziro, ndi kuti zithunzi za akulu zisaonetsedwe kwa ana. M'mera mpoyamba.

Chachinai, musataye wailesi ya mau. Ikhale ndi mabatire ache, maka maka kuyambira December kufikira April. A zanyengo akachenjeza, uzani anansi amene alibe, ndipo mukwere ku mtunda nthawi ikadalipo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Chachisanu, lankhulani. Oulutsa sangatumikire anthu amene sawamva. Mapologalamu ambiri alandira mafoni ndi mauthenga. Imbani, nenani dzina la mudzi wanu, funsani mtengo wa nandolo ndi wa mpunga, funsani za mlatho umene unakokoloka ndipo sunamangidwe, pemphani mau a m'Chilomwe. Makomiti a chitukuko ndi makalabu a alimi aitane atolankhani kudzaona zabwino zomwe, monga ulimi wa mthirira ndi ana okhoza mayeso, kuti Phalombe asadziwike ndi misozi yokha. Ndipo chikaulutsidwa chonama kapena cholaula, liripo bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liyang'anire nyumba zoulutsa mau ndi zithunzi, lilandira madandaulo. Kalata ya munthu mmodzi ikhoza kutayika, koma ya mudzi wonse, yosainidwa ndi mfumu, ilemera. Mutu umodzi susenza denga.

Abale anga, akulu anati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa. Kanema ndi mlendo wotero: kalumo kache kakhoza kutimeta bwino, kakhozanso kuticheka. Anatumidwa ndi ena, adyetsedwa ndi ena, ndipo kawiri kawiri nkhope yache iloza ku tauni. Koma akalowa pa khomo panu, mphasa yokhalapo mumpatsa ndinu. Mlandireni monga eni mudzi odziwa kufunsa, ndipo mumkumbutse kosalekeza kuti anthu a patsinde pa Michesi nawonso ndi Amalawi, opereka msonkho ndi oyenera kutumikiridwa.

Tsalani ndi mtendere m'mabanja mwanu, kufikira tidzachezanso mwezi wa mawa.