Asanasinthe ndandanda, awailesi ayambe afunsa omvera

Pulogalamu ya pa wailesi ikangosuntha nthawi, kapena mawu a muulutsi amene anthu anamuzolowera akazimirira popanda chidziwitso, mafoni a mu situdiyo salekeza kulira. Ena amafunsa ngati mwini pulogalamu wadwala, ena amafuna kudziwa ngati wachotsedwa ntchito, pomwe ena amanena mosabisa kuti asiya kutchera ku wailesiyo. Mabwana ambiri a nyumba zoulutsira mawu amangodikira kuti mkwiyowo uzizire wokha, poganiza kuti anthu azolowera. Kumeneku n'kupeputsa omvera, ndipo mbiri ya wailesi m'dziko muno ikuonetsa kuti madandaulo otere sachokera pachabe.

Kuyambira 1964 pamene MBC inakhazikitsidwa, kwa zaka zoposa 30 Amalawi analibe kosankha. Wailesi ya dziko inali imodzi, ndipo ndandanda yake inkagwira ntchito ngati wotchi ya pakhomo. Banja linkadziwa tsiku ndi ola la sewero la Kapalepale kapena Pamajiga. Mafoni a m'manja asanafale, mauthenga achisoni ndiwo ankadziwitsa munthu wa ku Nsanje kuti m'bale wake wamwalira ku chipatala cha ku Blantyre. Amene waphonya nthawi ya mauthengawo ankatha kuphonya maliro.

Kusintha kwa ndandanda kumene kunapweteka anthu koposa kunachitika mu 1968, pamene Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi boma litakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko. Anthu a m'chigawo cha kumpoto sanafunsidwe, ndipo nthawi imeneyo panalibe podandaulira. Chiyankhulochi chinabwerera pa MBC ulamuliro wa zipani zambiri utayamba mu 1994, kenako kunabwera nkhani za m'Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi Chinkhonde. Anthu anasunga nkhani ya kuchotsedwa kwa Chitumbuka mumtima zaka zonsezo chifukwa ndandanda ya wailesi imauza munthu ngati akuwerengeredwa kapena ayi.

Lero zinthu zinasintha. MBC Radio 2 inabwera mu 1997, Capital FM mu 1999, ndipo mu 2005 a Gospel Kazako anatsegula Zodiak. Pali Radio Maria, Radio Islam, Times Radio komanso wailesi za m'madera monga Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji ndi ya ku Nkhotakota. Womvera akakhumudwa amangopotokola wailesi yake n'kupita kwina, ndipo kumubweza si ntchito yamasewera. Ngakhale mkulu wa wailesi amene amangoganizira ndalama za otsatsa malonda ayenera kuopa zimenezi.

N'zoona kuti ndandanda singakhale chimodzimodzi mpaka kalekale. Kampani imene inkalipirira pulogalamu imatha kusiya, muulutsi amapeza ntchito kwina kapena kupuma, mpira ndi zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo zimafuna malo. Vuto lili pa amene amamvedwa posankha nthawi yatsopano. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'Malawi amakhala kumudzi. Ambiri mwa iwowa salemba ndemanga pa Facebook, ndipo amatsegula wailesi pa maola osankhika pofuna kusunga mabatire kapena moto wa foni. Pulogalamu ya ulimi ikaikidwa m'mawa mlimi ali ndi khasu kumunda, imakhala yafa ngakhale ikuulutsidwabe. Pulogalamu ya ana ikagwa pa nthawi ya sukulu, ana ake saimva. Koma chifukwa odandaulawo alibe mayunitsi oimbira foni, ku ofesi kumaoneka ngati zonse zili bwino.

Nkhani ya aulutsi ndiyo imakhudza mtima kwambiri. Pulogalamu ya Zokonda Amayi pa MBC inabala magulu a amayi m'maboma osiyanasiyana, amene amavala yunifomu, kuyenderana pa mavuto, kuchezera odwala m'zipatala ndi kukumana pamodzi m'nyengo ya tsiku la anakubala. Kwa amayi otere, woulutsa pulogalamuyi ndi m'bale. Ku Chipata m'dziko la Zambia, Gogo Breeze wa pa Breeze FM anatchuka chifukwa chowerenga makalata a omvera ndi kuyenda m'midzi kutsatira madandaulo awo, mpaka katswiri wina wa zachikhalidwe, Harri Englund, analemba buku lonse lokhudza iyeyo mu 2018. Englund yemweyo analembanso za Nkhani za m'maboma, pulogalamu ya MBC imene nkhani zake zambiri zimachokera kwa omvera eni ake. Munthu amene wakhala akulowa m'nyumba za anthu tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri sayenera kuchoka osatsanzika.

Zimene omvera amadandaula pa aulutsi atsopano nthawi zambiri zimakhala zomveka. Amanena za muulutsi amene amasakaniza Chingerezi pa pulogalamu ya Chichewa mpaka agogo kutayika, amene amalankhula pakati pa nyimbo imene munthu wapempha, amene amapotoza mayina a midzi ndi mafumu, ndiponso amene amadula woimba foni asanamalize mfundo pomwe mayunitsi ake apita kale. Zonsezi n'zokonzeka ngati muulutsi watsopanoyo aphunzitsidwa ndi kukhala kaye pambali pa mkhalakale.

Komabe si dandaulo lililonse limene liyenera kutsatidwa. Pali ena amene amakana muulutsi chifukwa ndi mayi, kapena chifukwa cha dera limene amachokera. Pali enanso amene amafuna kuti mtolankhani achotsedwe chifukwa wafunsa mafunso olasa kwa wandale amene iwo amamukonda. Apa wailesi iyenera kuima nji kumbuyo kwa wantchito wake, n'kufotokozera omvera chifukwa chake.

Zofunika kuchita si zodula. Kusintha kulikonse kulengezedwe kutatsala masabata angapo, mobwerezabwereza, m'ziyankhulo zonse zimene wailesiyo imagwiritsa ntchito. Muulutsi amene akuchoka apatsidwe mpata wotsanzika ndi kulandira mnzake wolowa m'malo anthu akumva. Makalabu a omvera amene ali kale m'midzi afunsidwe maganizo ndandanda isanasindikizidwe. Ndipo kamodzi pa mwezi, mkulu woona za mapulogalamu akhale mu situdiyo kuyankha yekha makalata, mauthenga a pafoni ndi mafunso a oimba.

Udindo waukulu uli pa MBC, poti imayendera misonkho ya anthu onse, kuphatikizapo mayi wa ku Chitipa amene sanagwirepo intaneti. Bungwe la MACRA, limene limapereka ziphaso kwa nyumba zoulutsira mawu, nalo lingachite bwino kumafunsa wailesi iliyonse kuti ionetse mmene imalandirira madandaulo a omvera, ndi zimene inasintha itawamva.