Mapu a John Snow ndi ife oopa masamu

Sabata yatha mnzathu wina anaponya galafu pa gulu lathu la WhatsApp. Inali ndi mzere wofiira wokwera ndi wobiriwira wotsika, ndipo posakhalitsa anthu anayamba kunyozana pa zandale. Palibe amene anafunsa kuti ziwerengerozo zachokera kuti, ndi za chaka chiti, anawerenga ndani. Nditafunsa ine, wina anandiseka kuti ife ophunzira mbiri ndi zilankhulo tizisiyira a masamu zinthu zotere. Ine sindikugwirizana naye, ndipo mboni yanga ndi mapu otchuka kwambiri pa luso loonetsa ziwerengero pa zithunzi.

Kumapeto kwa Ogasiti 1854 kolera inabuka ku Soho, mumzinda wa London, n'kupha anthu oposa 600. Madokotala ambiri masiku amenewo ankakhulupirira kuti matendawa amabwera ndi mpweya wonunkha, koma Dr. John Snow ankati vuto ndi madzi. Pa mapu a misewu ya m'deralo iye anaika kamzere kakuda pa imfa iliyonse, panyumba pomwe inachitikira. Timizere tinaunjikana mozungulira mjigo wa mu Broad Street. Ambiri amaifotokoza nkhaniyi mwachidule: mapu anaulula gwero, akuluakulu anachotsa chogwirira cha mjigo, mliri n'kutha.

Zinthu sizinayende choncho. Chogwirira chinachotsedwa pa 8 Seputembala 1854, mliri utayamba kale kuzilala, pomwe mapuwo anasindikizidwa m'buku la Snow mu 1855. Umboni wake anaupeza poyenda khomo ndi khomo kufunsa anthu komwe amatunga madzi. Anamva kuti kufakitale ya mowa ya mumsewu womwewo antchito sanafe, chifukwa ankamwa mowa ndipo anali ndi chitsime chawo. Anamvanso za mayi wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, yemwe anamwalira chifukwa ankachita kuitanitsa madzi a mjigo umenewo powakonda kukoma kwake. Mayiyu pa mapu a Soho palibe. Kenako wansembe wa m'deralo, Henry Whitehead, yemwe poyamba ankatsutsa Snow, anafufuza mpaka anapeza khanda lodwala la panyumba nambala 40. Madzi ochapira matewera ake ankatayidwa m'dzenje la zonyansa pafupi ndi chitsime cha mjigowo.

Kufunsa anthu, kumvetsera, kukayikira chomwe wauzidwa ndi kufufuza amene sanatchulidwe, zonsezi timaphunzira tsiku ndi tsiku tikamawerenga zolemba zakale. Galafu nayo ili ndi mlembi. Munthu wina anasankha chaka choyambira, mitundu, zoika ndi zosiya. Akayambitsa mzere wa m'mbali pa 90 m'malo mwa 0, kusiyana kwa 92 ndi 95 kumaoneka ngati chulu ndi phiri la Mulanje, chonsecho sananame nambala iliyonse.

Kwa ife nkhani ya kolera si yachilendo. Mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo tinkaona ziwerengero za maboma zikuzungulira pa Facebook. Boma likaoneka ndi odwala ochepa, ambirife tinkangoti kumeneko kuli bwino. Koma munthu amalowa m'chiwerengero akafika kuchipatala kapena azaumoyo akamupeza. Amene anafera kumudzi mlatho utakokoloka akhoza kusowa pa tchati ngati mayi wa ku Hampstead uja, ndipo thandizo limapita komwe tchati yaloza.

Choncho anzanga, tisathawe. Ziwerengero za kalembera wa 2018, yemwe anapeza kuti Amalawi tinali pafupifupi 17.5 miliyoni, zili pa intaneti kuchokera ku National Statistical Office ku Zomba. Tsamba la Our World in Data limalemba gwero pansi pa galafu iliyonse. Datawrapper ndi Flourish zimakulolani kujambula tchati kwaulere popanda kudziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta. Tengani ziwerengero za boma lanu, jambulani galafu yomweyo kawiri, ina yoyambira pa 0, ina yoyambira pakati, muone nokha momwe nkhani ikusinthira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Galafu ina ikadzagwa pa gulu lanu, musanaitumize kwina, funsani kaye amene anawerenga, amene anawerengedwa, ndi amene anasiyidwa.